Alembi athu oiwalika: tiyambe kufukula ati?

Pakhonde panga, kuno kufupi ndi Linthipe, timakumana Loweruka lililonse masana kuwerenga buku. Tikakwana timakhala anthu asanu ndi anayi: aphunzitsi atatu, mmodzi wopuma kale ndiye ine, mayi wina wogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu wa M1, mlaliki, mnyamata wa kabaza, ndi ana atatu a Fomu 3 ndi 4 omwe ndimawakayikira kuti chimawakoka kwenikweni ndi tiyi. Nyengo yokumba mbatata timatsala anayi.

Mwezi wa June tidasonkherana kandalama koti tiguleko mabuku athuathu. Tidatopa ndi kubwereza omwe ana amalembera mayeso. Tidagwirizana kuti tifunefune alembi a nkhani zopeka a muno m'Malawi amene mayina awo sakumvekanso, koma titayamba kutchula, mayina adadzaza tsamba lonse la kope, ndalama zake zokwanira mabuku atatu, mwina anayi. Mlaliki adangoti, "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada." Tidakangana ma Loweruka atatu osawerenga kanthu. Zomwe ndikulemba pano n'zomwe zidatuluka mumkangano umenewo, kuti wina amene ali ndi kagulu ngati kathu, kapena kabati imodzi ya mabuku pasukulu, asataye milungu itatu ngati ife.

Chomwe chidatimasula n'kuzindikira kuti alembi saiwalika mofanana. Wina amaiwalika chifukwa buku lake lidatha m'sitolo ndipo palibe adalisindikizanso. Wina chifukwa boma la nthawi yake silidafune kuti awerengedwe. Wina chifukwa ophunzira adamunyoza kuti amalemba zachibwana. Wina ali moyo, amayenda pakati pathu, tikungodikira maliro ake kuti tidzamutame. Matenda osiyana safuna mankhwala amodzi, ndiye posankha tidayamba kufunsa kuti: kuiwalika kwa uyu, kodi ife anthu asanu ndi anayi a pakhonde tingakuchize?

Njira yomwe ndidaikakamira ine ndi ya akuluakulu omwe adalemba m'Chichewa dzikoli lisadalandire ufulu ndi zaka zoyandikira pamenepo. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, aliyense wa kusekondale amudziwa chifukwa cha Nthondo. Koma funsani mwana amene wakhoza bwino mayeso a Chichewa ngati akudziwa kuti bukuli lidatuluka mu 1933 litapambana mpikisano wa bungwe la ku London loona za zilankhulo za mu Africa, ndi kuti chaka chotsatira T. Cullen Young, mmishonale wa ku Livingstonia, adalimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Mufunseninso ngati adamvapo za Nchowa, kapena Msyamboza, mbiri ya mfumu ya ku Dowa, mabuku a munthu yemweyo. Adzakuyang'anani ngati mwalankhula Chiswahili. Ntara tidamusandutsa funso la mayeso, munthuyo tidamutaya.

Koma amene amandipweteka mtima ndi E.J. Chadza, chifukwa ndi wathu weniweni. Adabadwa muno m'boma la Dedza mu 1923, adaphunzira ku Mlanda, chapafupi ndi Lizulu, adali mphunzitsi, ndipo adamwalira mu 1985. Amene amamukumbuka amamukumbukira ndakatulo za m'buku la Ntchito ya Pakamwa, makamaka ija ya bokosi la maliro. Nkhani zake, Kokha Mcheperawakalulu ndi Zokoma Ziri m'Tsogolo, ndi ochepa angakuuzeni kuti adazigwirapo m'manja. Pagulu pathu, mwa anthu asanu ndi anayi obadwira m'boma lomwe iye adabadwira, odziwa dzina lake tidali awiri. Mnyamata wa kabaza, yemwe amadutsa pa Lizulu kangapo pamwezi, adandifunsa kuti, "Madala, ameneyo anali phungu?"

M'gulu lomweli muli John Gwengwe wa Sikusinja ndi Gwenembe ndi Kukula ndi Mwambo, Sylvester Paliani wa 1930 Kunadza Mchape, Josiah Phiri wa Kalenga ndi Mnzake. Ambiri mwa mabuku a Chinyanja a nthawiyo ankadutsa ku ofesi yosindikiza mabuku ya ku Lusaka yomwe inkatumikira Nyasaland ndi Northern Rhodesia pamodzi, n'chifukwa chake ankawerengedwa mbali zonse ziwiri za malire a ku Mchinji.

Ubwino wa njira iyi ndi Chichewa chake. Si Chichewa chomasulira, chomwe ukachimva umachita kuona Chingerezi chikusuzumira kumbuyo. Anthuwa ankalemba monga ankamvera pabwalo la milandu, pamaliro, pamtondo. Ukamawerenga mokweza, mpweya umakwanira pomwe chiganizo chathera. Tsiku lina ndidabwereka buku la Gwengwe kwa mnzanga, lopanda chikuto, masamba ake ofiirira ngati fodya wa chikopa, n'kuwerenga pakhonde pomwe mbalame ya m'nkhanimo iyamba kuimba kuulula zomwe Gwenembe adachita kwa mbale wake panjira. Mayi wa kachewere, yemwe nthawi zonse amaluka uku akumvetsera, adaika zingano pansi. Atamaliza kumva adati agogo awo ankaiyimba nthano imeneyo ku Bembeke, ndipo adatiyimbira mmene iwo ankaidziwira. Tsiku limenelo tiyi adazizira m'makapu.

Zovuta zake zilipo, ndipo sindizibisa. Choyamba kalembedwe. Mabuku osindikizidwa Chichewa Board isadakhazikitse malamulo ake m'zaka za m'ma 1970 amalemba "c" pomwe ife timalemba "ch", "ziri" pomwe timalemba "zili". Mdzukulu wanga wa Sitandade 7 nditamupatsa tsamba limodzi adawerenga "cifukwa" ngati "sifukwa", kenaka "kifukwa", n'kundibwezera akuti, "Agogo, bukuli ndi lolakwika." Zimatenga masamba asanu kuti diso lizolowere, ndipo ana ena sapirira kufika pamenepo. Chachiwiri, ambiri mwa mabukuwa adabadwira pamishoni, ndiye njira yake umaidziwiratu: munthu alowerera, avutika, alapa. Mlaliki wathu zimamukomera, koma mphunzitsi wachitsikana wa pagulupa adati iye watopa ndi nkhani zomwe mkazi amangokhala chopunthwitsa kapena mphotho ya mwamuna. Sindidathe kumutsutsa. Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, mabukuwa kulibe. Pasukulu ina yomwe ndidaphunzitsako zaka zambiri, tidali ndi makatoni a mabuku oterewa. Silabasi itasintha adawatsekera m'chipinda chosungira makasu ndi matumba a simenti. Pomwe ndinkadzapempha kiyi patapita zaka, ndidatsegula katoni n'kupeza dothi lokhalokha, chiswe chitamanga nyumba, chikuto chili bwinobwino pamwamba ngati chikundiseka. Ndidatolamo mabuku awiri okha, nawonso theka.

Aphunzitsi anzanga awiri aja ankakokera kwina: alembi a Chichewa a m'zaka za m'ma 1980. Willie Zingani wa Njala Bwana ndi Madzi Akatayika, Jolly Max Ntaba wa Mtima Sukhuta ndi Ikakuona Litsiro Sikata, Whyghtone Kamthunzi wa Agnes ndi Mphunzitsi Wake. Nthawi imeneyo Popular Publications ya ku Limbe ndi Dzuka zinkatulutsa timabuku tokwana m'thumba la yunifolomu, ndipo tinkayenda dzanja ndi dzanja m'mahositelo mpaka kuthothoka. Apa palibe vuto la kalembedwe, mwana aliyense awerenga osapunthwa. Nkhani zake ndi za moyo womwe tikuudziwa: ntchito, lendi, chikondi cha pasukulu, mwamuna wa mitala yobisa. Ngati cholinga chanu n'kukopa munthu yemwe sadamalizepo buku chibadwire, yambirani pano, musavutike n'kwina.

Chomwe ndidawauza anzangawo n'chakuti mabukuwa adalembedwa wolemba akuyang'ana kumbuyo. Lamulo lounika zolemba ndi zisudzo lidakhazikitsidwa mu 1968, ndipo Censorship Board inkawerenga chilichonse chisadafike kwa anthu. Pomwe Jack Mapanje ankatsekeredwa ku Mikuyu mu 1987, aliyense wogwira cholembera adamva uthengawo. Ndiye m'nkhani za nthawiyo wolakwa amakhala mwamuna woledzera, mtsikana wokonda ndalama, malume wadyera. Tcheyamani wa chipani, khadi, achinyamata oima pakhomo la msika, simuwapezamo, chikhalirecho ndi omwe adali pakati pa moyo wathu tsiku lililonse. Izi sizichotsa luso la alembiwa. Kungoti powerenga pamafunika wamkulu pafupi woti auze ana zomwe bukulo lidameza. Komanso kuiwalika kwawo sikudafike pa fupa: anthu a zaka makumi anayi, makumi asanu akadawakumbuka, ndipo ukangotchula mutu wa buku m'minibasi wina amamwetulira.

Zomwe mabuku a Chichewa adameza, ena adazilavula m'Chingerezi ali kunja. Iyi ndi njira yachitatu, ndipo idandikoka kwambiri kuposa mmene ndinkayembekezera. Legson Kayira dziko limamudziwa ngati mnyamata wa kumpoto amene adanyamuka wapansi mu 1958 kufunafuna sukulu, n'kukafika ku Khartoum, kenaka ku Skagit Valley College ku America. Mbiri imeneyo, I Will Try ya mu 1965, idaphimba china chilichonse chomwe adalemba. Koma munthuyu adalemba mabuku anayi a nkhani zopeka: The Looming Shadow, Jingala, The Civil Servant ndi The Detainee. Jingala, ya mu 1969, ndi nkhani ya mkulu wina wamasiye, wokhometsa msonkho wopuma, yemwe akulimbana ndi ansembe a pamishoni chifukwa mwana wake yekhayo akufuna unsembe, uku iye mwini akudikira kukwatira kamtsikana komwe adamulonjeza. Aliyense wokulira pafupi ndi Bembeke kapena Mua, komwe mabanja akhala akupereka ana ku seminale kwa zaka zoposa zana, aiwona nkhaniyi ngati ya pakhomo loyandikana nalo. The Detainee, ya mu 1974, imatsata munthu wamba wa kumudzi yemwe wanyamuka kukaonana ndi dokotala n'kuthera m'ndende osadziwa chomwe walakwa. Buku lotere silikadagona pashelefu ya sitolo muno nthawi imeneyo. Kayira adakhala ku England mpaka kumwalira ku London mu 2012.

David Rubadiri naye chimodzimodzi. Timamudziwa ngati mlakatuli, kazembe woyamba wa dziko lino ku America ndi ku United Nations yemwe adasiya udindo pambuyo pa mkangano wa nduna wa 1964, ndiponso mkulu wa University of Malawi atabwerera. Buku lake la No Bride Price, lomwe lidasindikizidwa ku Nairobi mu 1967, lonena za mkulu wa m'boma wokwezedwa msanga m'dziko lomwe langolandira ufulu, ndi ochepa adaliona. Ndiye pali Aubrey Kachingwe, mtolankhani, yemwe No Easy Task yake idalowa mumndandanda wotchuka wa African Writers Series wa Heinemann mu 1966, mndandanda womwewo wa Chinua Achebe ndi Ngugi. Anzake a mumndandandamo mayiko awo amawaimbira nyimbo. Ife Kachingwe sititchula n'komwe.

Vuto la njira iyi ndi lodziwikiratu. Pakhonde pathu Chingerezi chimagawa anthu pawiri. Ana asukulu ndi aphunzitsi amathamanga, mayi wa kachewere ndi mnyamata wa kabaza amatsala, ndipo ndikayamba kumasulira ndime iliyonse, nkhani imazizira ngati nsima ya dzulo. Kupeza mabukuwo nakonso ndi ntchito. Ambiri amapezeka ogwiritsidwa kale ntchito kwa ogulitsa a pa intaneti a kunja, ndiye pafunika m'bale wa ku Johannesburg kapena ku Leeds woti agule n'kupatsira munthu wobwera kumudzi. Musadatero yambani mwafunsa ku National Library Service, chifukwa nthawi zina buku lomwe mukulisaka kutsidya kwa nyanja lili phee pashelefu, khadi lake lisadadindidwe zaka makumi awiri.

Paul Tiyambe Zeleza tidamuchotsa pamndandanda mwadala. Smouldering Charcoal idakhala zaka zambiri pa silabasi, moti mibadwo yathunthu imadziwa Mchere ndi Chola, anthu a m'bukumo. Ameneyo sadaiwalike, adangotopetsedwa ndi mafunso a mayeso.

Mnyamata wa kabaza ndiye adabweretsa njira yachinayi, mosadziwa. Adati kwa malume ake ku Ntcheu kuli kabuku kachingerezi kophweka, ka mutu woti Why Father Why, komwe adakawerenga usiku umodzi ndi tochi ya foni. Ameneyo ndi Aubrey Kalitera, munthu yemwe atatulutsa mabuku awiri ku Kenya adayamba kudzisindikizira yekha ku Blantyre pa dzina la Power Pen Books, n'kumagulitsa yekha. Anthu a kuyunivesite ankamuona ngati wolemba za pamsika, koma ndi angati mwa iwo adawerengedwapo ndi tochi mpaka tambala kulira? Pambali pake ikani Dede Kamkondo ndi Walije Gondwe, omwe adalemba mumndandanda wa Pacesetters wa Macmillan. Gondwe, wobadwira ku Mzimba mu 1936, amatchulidwa ngati mayi woyamba wa ku Malawi kutulutsa buku la nkhani yaitali, Love's Dilemma, mu 1985. Mphunzitsi wachitsikana uja atamva izi adakwiya, akuti zaka zonse za sukulu ndi koleji palibe adamutchulirapo dzina limeneli, ngakhale la Emily Mkamanga wa The Night Stop. Mabuku a gulu ili ndi opepuka, Chingerezi chake chosavuta, ndipo sakupatsani zambiri zokambirana mukamaliza. Koma amayatsa moto, ndipo ana atatu aja akadavota okha akadasankha awa.

Za amoyo sindichulutsa, chifukwa iwo angathe kudzilankhulira. Stanley Onjezani Kenani adafika kawiri pamndandanda womaliza wa Caine Prize, mphotho ya alembi a nkhani zazifupi a mu Africa, mu 2008 ndi mu 2012, chinthu chomwe kwina chikadamupangitsa kukhala dzina la pakamwa pa aliyense. Shadreck Chikoti adalemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa wa zaka 500 zikubwerazo, ndipo mu 2014 adasankhidwa pakati pa alembi achinyamata 39 a mu Africa. Njira iyi ili ndi ubwino womwe zinazo zilibe: ndalama yanu imafika m'thumba la wolemba akadali ndi mano odyera, ndipo mukalimba mtima mutha kumuitana adzakhale pakhonde panu. Kuipa kwake n'kwakuti mabuku atsopano ndi okwera mtengo, limodzi likadameza theka la thumba lathu, ndipo ambiri ndi a Chingerezi.

Wina adapereka nzeru yoti tibwereke buku lililonse n'kukalipanga fotokope pa Dedza boma, aliyense akhale ndi lake. Ndidakana. Munthu sungati ukulemekeza mlembi uku ukumubera, ndipo a COSOMA, bungwe loteteza ntchito za alembi ndi oimba, alipo pa chifukwa chimenecho. Komanso tidaona kale kuti buku limodzi lokwanira anthu asanu ndi anayi ndi lomwe likuwerengedwa mokweza. Likakhala m'manja mwa aliyense, aliyense amathawira kwake.

Poyeza zonsezi, muyeso wanga udali uwu. Kayira ndi Rubadiri, ngakhale ife tigone, mabuku awo ali m'malaibulale a mayunivesite a kunja, sadzatha. Kenani ndi Chikoti ali ndi pakamwa pawo. Zingani ndi Ntaba akadali m'mitu ya anthu ambiri amoyo. Koma Chadza akatha muno, watha basi. Kulibe wa ku London kapena ku Nairobi adzamusungire ife, ndipo omwe adamuwerenga ali ana tikutha mmodzimmodzi. Kumeneko ndiye kuiwalika komwe anthu a pakhonde angakuchize, chifukwa mankhwala ake safuna ndalama zambiri, amafuna miyendo: kuyenda kwa aphunzitsi opuma, abusa okalamba, amasiye a aphunzitsi omwe adasunga masutikesi a amuna awo pansi pa bedi.

Sindidapambane kwathunthu. Tidagawana motere: ndalama zipite kwa Jingala, kudzera mwa mwana wa mlaliki yemwe ali kunja, ndi buku limodzi la Walije Gondwe, chifukwa mphunzitsi wachitsikana adanenetsa kuti popanda mayi pamndandanda iye atenga chopereka chake. Zotsala tisungire la Kenani. Chadza ndiye adandisiyira ine, akuti poti ndine ndimamulira, ndikamufune ndekha.

Ndidamupeza sabata yachitatu, kwa mkulu wina wopuma uphunzitsi chakumtunda kwa Lizulu, nditakwera kabaza wa mnyamata wathu uja mphepo ikuluma makutu. Gogoyo adalowa m'nyumba, adatulutsa Kokha Mcheperawakalulu atamukulunga m'pepala la pulasitiki la shuga, koma sadandipatse. Adaligwira pachifuwa.

"Aphunzitsi, mabuku anga atatu adapita chonchi, ndi anthu aulemu ngati inu nomwe."

"Bambo, ndibweza pakatha milungu inayi. Mnyamatayu ndi mboni."

"Mboni ya kabaza? Siyani chikole."

Ndidatulutsa ndalama, adakana. Foni adakananso, akuti sadziwa kuigwiritsa ntchito. Adayang'ana jekete langa lachikopa, lomwe mwana wanga adanditumizira, n'kuloza ndi chibwano. Ndidabwerera ku Linthipe ndi malaya okha mu July, buku lili mkati mwa malayamo, mano akugundana njira yonse. Tafika pa mutu wachitatu, ndipo jekete likadali kwa gogoyo.